Chitsulo chanji chosulira tomahawk?

Mvukuto_wa_Mbayani:
Akuluakulu ndithandizeni. Kasitomala wina akufuna ndimusulire tomahawk, tinkhwangwa tija ta eni dziko a ku America tokhala ndi bowo lolowetsa mpini, ati aziponya pa chipika. Ine ndinazolowera zikwanje ndi makasu basi. Ndili ndi masipuling'i a lole, misomali ya njanji, ndi kachidutswa ka 1095, chitsulo cholimba cha kaboni wambiri, kotsala pa mipeni. Nditenge chiti?

Chekampeni:
Misomali ya njanji iwalani achimwene, ngakhale yolembedwa HC (high carbon, kutanthauza kaboni wambiri) kaboni wake ndi wochepa, cha m'ma 0.3%, mukanola lero mawa yabuntha. Tengani sipuling'i. Nthawi zambiri imakhala ya chitsulo chotchedwa 5160 kapena chofanana nacho, kaboni 0.6% ndi chromium pang'ono, ndiye imapirira kumenyedwa, zomwe nkhwangwa yoponya imafuna. Koma yang'anani bwino, ya lole yakale imakhala ndi ming'alu yobisika, imadzaonekera mutavutika kale.

Gogo_Nyundo:
Mwana wanga 1095 yo musapangire mutu wonse, imathwa bwino koma siichedwa kubenthuka ikagunda mwala. Nkhwangwa zomwe azungu a ku France ndi England ankasinthanitsa ndi zikopa m'ma 1700 thupi lake linali chitsulo chofewa chopinda mozungulira kuti pakhale bowo, ndiye kukamwa kokha ankalowetsako kachitsulo kolimba n'kuwotcherera pamoto. Inunso chitani chomwecho, flat bar wamba ya chitsulo chofewa, 1095 pakati, borax (ufa wothandiza kuti zitsulo zigwirane pamoto) wambiri, chitsulo chitenthe mpaka kuyamba kuyera ndipo poyamba menyani pang'onopang'ono osati mwaukali ayi. Sipuling'i ndiye imavuta kugwirana yokhayokha chifukwa cha chromium yo, mukasankha iyo bowo lake boolani, musapinde.

Mvukuto_wa_Mbayani:
Zikomo agogo. Nanga poviika, m'madzi monga ndichitira makasu?

Chekampeni:
Madzi ayi!! 5160 imang'aluka. Oyilo, ngakhale wophikira, mumutenthetseko kaye. Wotchani mpaka maginito asiye kugwira, cha pa 770°C, onjezerani moto pang'ono, kenako viikani kukamwa kokha, kubowo kukhale kofewa chifukwa ndi komwe kumalandira nkhonya zonse. Mukatero palani payere, mutenthetsenso mpaka mtundu udutse wa udzu wouma uyambe kupita ku pepo, tupa izigwirako pang'ono. Ndipo bowo likhale lokula kumtunda, mpini umalowera pamwamba n'kudzigwira wokha popanda kukhomera kanthu koulimbitsa, ukathyoka angosolola aike wina. Ngati kuboola kukukuvutani gulani mutu wa hamala ya ball peen, ija yozungulira ngati mpira mbali imodzi, pa zitsulo zakale, bowo lilimo kale, inu kwatsala kuphwatalitsa mbali imodzi.