Nanoemulsion ya makoko a mango ikulekana pa tsiku lachitatu, vuto lili pati?

Chisomo_lab:
Moni akuluakulu. Ndikupanga nanoemulsion, kutanthauza timadontho ting'onoting'ono kwambiri ta mafuta tomwazika m'madzi. Makoko a mango owuma, ogayidwa, aviikidwa mu ethanol wa 70%, galamu imodzi pa mamililita 15. Zotulukazo zasakanizidwa ndi mafuta a makoko a malalanje 5%, Tween 80 (mankhwala ogwirizanitsa mafuta ndi madzi) pa 2%, kenako sonicator (makina ophwanya madontho ndi mafunde a phokoso) mphindi 10. Tsiku loyamba ikuoneka ngati mkaka, koma pofika lachitatu mafuta ayandama ndipo mtundu wadera. DPPH, njira yoyezera mphamvu ya antioxidant, nayo ikupereka manambala osiyana nthawi iliyonse. Ndikonze chiyani?

Mkanthama:
Yambani ndi mafutawo. A malalanje ndi limonene pafupifupi onse, ndipo limonene amasungunukako pang'ono m'madzi. Ndiye timadontho ting'onoting'ono timatha, mafuta ake n'kumakawunjikana m'madontho akuluakulu. Ndiyo Ostwald ripening imeneyo, ndipo ngakhale muwonjezere nthawi ya sonicator siitha. Theka la mafutawo likhale la mpendadzuwa kapena MCT (mafuta otchedwa medium-chain triglycerides), poti amenewa sasungunuka m'madzi ndipo amagwira dontho kuti lisafote.

Tween 80 wa 2% pa mafuta a 5% wachepa. Yesani 5%, koma musakanize ndi Span 80, mnzake wa Tween wokonda mafuta, magawo 7 kwa 3. HLB (nambala yosonyeza ngati mankhwala amakonda madzi kapena mafuta) ya Tween 80 ndi 15, ya Span 80 ndi 4.3, ndiye mufika pa 11.8. Kuyera ngati mkaka si chizindikiro chabwino ayi, kumasonyeza kuti madontho ndi aakulu. Akatsika pansi pa ma nanometer (nm) 100, madziwo amaonekera mkati ndipo amabiriwira pang'ono. Yezani kukula kwa madontho ndi makina a DLS, ndipo PDI, nambala yosonyeza kusiyana kwa kukula kwawo, isapose 0.3.

Ethanol munamuchotsa yense? Wotsalira amapangitsa limonene kusungunuka kwambiri. Muchotseni ndi rotary evaporator, makina omuulutsa ngati nthunzi, pa 40°C.

Nachisale:
Za mafuta a Mkanthama anena zoona. Kuderako n'kwina. Ambiri amathamangira kunena polyphenol oxidase, enzyme yoderetsa zipatso zodulidwa, ndipo n'zoona kuti makoko aawisi amafunika nthunzi ya mphindi 2 kapena 3 musanawaumitse pa 50°C. Koma kudera kobwera emulsion itapangidwa kale ine ndikukayikira chitsulo. Makoko a mango ali ndi gallotannin ndi gallic acid, ndipo izi zikakumana ndi iron wochokera ku chigayo kapena m'madzi a pampopi zimada ngati inki. Gwiritsani madzi a distilled, pH muitsitse kufika 4 ndi citric acid, yemwe amamanganso iron. Pamwamba pa pH 7 ma polyphenol, monga gallotannin ndi gallic acid, amawonongeka msanga.

Sonicator imatenthetsa. Bikala ikhale m'madzi oundana, makina aziyaka masekondi 5 n'kupuma 5. Sungani m'botolo lakuda, lodzaza mpaka kukhosi.

Mkanthama:
Ndinaiwala pectin, uja amalimbitsa jamu. Makoko a mango ali naye wambiri, ndipo akalowa pang'ono amaunjika madontho pamodzi mpaka kuyandama. Siyani extract yanu usiku wonse pa 4°C ikadali mu ethanol, ipoteni pa centrifuge, musefe.

Gondwe_chem:
DPPH imawerengedwa pa 517 nm, ndipo chifunga cha emulsion chimabalalitsa kuwala, makina n'kumawerenga ngati mtundu wofiirira udakalipo. Sungunulani sampulo mu methanol kuti emulsion isweke, centrifuge, kenako DPPH mphindi 30 mumdima. Pa sampulo iliyonse pakhale blank, sampulo yomweyo koma yopanda DPPH, ndipo standard yoyerekezera ikhale Trolox, antioxidant wodziwika mphamvu yake. Mukayezanso kuchuluka kwa ma polyphenol ndi njira ya Folin-Ciocalteu pa 765 nm, dziwani kuti vitamini C ndi shuga wa mnofu wotsalira pa khoko amakweza manambala, ndiye palani makoko bwino.

Funso lomwe simunafunse: mangiferin, antioxidant wa m'makoko a mango, ali kuti? Sasungunuka bwino m'mafuta, ndiye wambiri angakhale kunja kwa madontho. Sefani ndi centrifugal filter, muyeze madzi odutsawo pa HPLC (makina olekanitsa ndi kuyeza mankhwala) musanalembe kuti zatsekeredwa mkati.

Ngati cholinga ndi mafuta odzola, khoko la mango lili ndi alkylresorcinol, yemwe amatulutsa nsungu zoyabwa kwa anthu ena. Ethanol amamukoka limodzi ndi zabwinozo.