Brunson kulola madola 113 miliyoni amudutse chifukwa cha chikho, ndi nzeru kapena?

NganyaWaYeoville

Abale okonda basketball muli kuno ku Joni ndithandizeni maganizo, nkhaniyi tinakangana nayo Lamulungu lonse ku saluni ya pa Rockey Street mpaka wometa anayamba waika makina pansi kuti ayankhe nawo. Ndikunena za Jalen Brunson wa New York Knicks, timu ya mu ligi ya NBA ya ku America. Mu July 2024 anasaina kontirakiti ya zaka 4 ya madola 156.5 miliyoni, koma akanangodikira chaka chimodzi akanatha kusaina ya zaka 5 ya pafupifupi 269 miliyoni. Ndiye kuti 113 miliyoni inamudutsa iye akuona, cholinga timu ikhale ndi mpata wolipira osewera ena abwino, paja nthawi imene amasainayo Knicks inali isanatengepo chikho kuyambira 1973.

Ine mtima wanga ukuti anachita bwino. Ndimadzuka 2 koloko usiku kuonera magemu pa foni, data yanga yomwe, mawa lake ndili pa shifiti, ndipo chimene chimandikhala mumtima ndi amene wawina osati amene walandira zingati. Koma anzanga akuti mnyamatayu anapusitsidwa. Mukanakhala inu mukanatani?

MadalaAkuMayfair

Nganya, inu ndi anzanuwo nonse mukuiona nkhaniyi mbali imodzi. Mukuti anasiya ndalama, ine ndikuti anatenga ndalama imene inalipo. 269 miliyoniyo inali isanafike m'manja mwake, kuti aipeze amayenera kusewera sizoni yathunthu osathyoka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ku NBA makontirakiti ambiri ukangosaina basi ndalama ndi yako, uvulale usavulale amakulipira, ndiye tsiku losaina ndi tsiku limene chiopsezo chimachoka pa thupi lako kupita kwa eni timu.

Taonani amene anadikira. Nerlens Noel mu 2017 anakana 70 miliyoni ya zaka 4 ku Dallas poganiza kuti apeza zoposa, anathera kusaina 4.1 miliyoni ya chaka chimodzi ndipo ndalama ngati ija sanaionenso, mpaka nkhani inakafika kukhoti ndi ejenti wake. Dennis Schröder zinamveka kuti anakana 84 miliyoni ku Lakers mu 2021, kenako anakasaina ku Boston pafupifupi 5.9 miliyoni. Ndipo si kuti ndi wosewera wachabe, mu 2023 anatenga World Cup ndi Germany nkusankhidwanso MVP, wosewera bwino kuposa onse pa mpikisanowo, koma msika unali utatembenuka basi. DeMarcus Cousins yekha ndimamumvera chisoni mpaka lero, January 2018 anaduka mtsempha wa kuchidendene uja amati Achilles kutangotsala miyezi yochepa kuti kontirakiti yake ithe asaine yaikulu, anakathera ku Golden State pa 5.3 miliyoni.

Komanso musaiwale kuti Brunson anali atasaina kale 104 miliyoni mu 2022 pochoka ku Dallas. Sanali munthu wanjala.

Nachisale_Jozi

Madala mwanena zoona koma ine ndiwonjezere za kukhulupirika, chifukwa apa ndi pamene pamandipweteka. Isaiah Thomas mukumukumbuka? Kamunthu kafupikafupi, kosankhidwa komaliza pa nambala 60 mu draft ya 2011, pamene matimu amasankha osewera atsopano, koma sizoni ya 2016-17 amagoletsa mapointi 28.9 pa gemu ku Boston. April 2017 mchemwali wake anamwalira pa ngozi ya galimoto, mawa lake iye analowa mubwalo misozi ili m'maso, dzino linaguluka pa gemu ina anapitirizabe, anamwetsa mapointi 53 Washington, chiuno chikumupweteka akusewerabe mpaka chinakaniratu. August chaka chomwecho Boston inamusinthanitsa ndi Kyrie Irving. Kontirakiti yaikulu imene aliyense amati ikubwera sinabwerenso, mu 2018 anasaina ku Denver ya madola 2 miliyoni yokha.

Ndikaiganiza nkhani imeneyi ndimaona bambo a kunyumba kwanga. Anagwira ntchito ya zomangamanga miyezi yambiri msana ukuwawa, usiku ndimachita kuwathowa ndi madzi otentha ndi kansalu, m'mawa 5 koloko anyamuka kukakwera taxi chifukwa kapitawo anawalonjeza kuti akapirira awalemba ya pemanenti. Tsiku limene analephera kudzuka pabedi anangoimbiridwa foni kuti malo awo alowapo wina. Panalibe pepala lililonse losaina. Ndiye achimwene a ku Yeoville, chikho ndi chabwino inde, koma thupi ndi limodzi ndipo timu ikakuona kuti watha sikufunsa kuti unaivutikira bwanji. Ine mwana wanga atakhala wosewera ndingamuuze kuti saina kaye, za mphete imene amalandira opambana chikho tidzakambirana pambuyo.

Dolo23

Achemwali pepani ndi za alamu athuwo, zimenezo kuno zachitikira ambiri.

Koma tisanyoze kufuna kuwina ngati ndi zachibwana. David West mu 2015 anali ndi ufulu wolandira 12.6 miliyoni ku Indiana, anaikana nkupita ku San Antonio pa ndalama yosakwana ndi 2 miliyoni yomwe, kungofuna mphete basi. Chaka chimenecho sanaipeze, ena anamuseka, koma anapita ku Golden State nkutenga ziwiri, 2017 ndi 2018. Kungoti anali ndi zaka 34, atasewera kale zaka 12 akulandira bwino, nyumba anali atamanga kale. Dirk Nowitzki nayenso anatsitsa mtengo ku Dallas mu 2014, 25 miliyoni zaka 3, koma atadya kale makontirakiti akuluakulu. Sindinaonepo mnyamata wa kontirakiti yoyamba akuchita zimenezi ndipo sayenera.

Chimene ine chimandivuta ndi ichi, ukatsitsa mtengo wako ndani akukutsimikizira kuti ndalamayo ipita kwa wosewera wina osati kungopepukitsa thumba la mwini timu? Malamulo a NBA a 2023 aja anabweretsa second apron, mzere wa malire pa ndalama zimene timu imalipira osewera ake, akupangitsa matimu kuopa kuwononga ndalama zambiri, ukadutsa mzere umenewo ngakhale kusinthanitsa osewera kumavuta, ndiye chimtolo chonse akuchikankhira kwa osewera kuti inuyo dzimaneni. Brunson mwina anali ndi chifukwa chowakhulupirira, bambo ake Rick Brunson anali kochi wothandizira ku Knicks konko, osewera anzake Josh Hart ndi Mikal Bridges ndi anzake a ku yunivesite ya Villanova, komanso chaka chomaliza cha kontirakitiyo ali ndi ufulu wotulukamo kukafuna ina yaikulu. Ndipo manambala timawerenga apawa si amene amalowa mu akaunti aise, pali msonkho, pali ejenti amene amatenga mpaka 4 peresenti, kusewera ku New York kapena ku California msonkho wake ndi wina, ku Texas ndi Florida kulibe msonkho wa state pa malipiro.

NganyaWaYeoville

Zikomo nonse, makamaka achemwali, nkhani ya alamu yandikhudza kwambiri, ali bwanji pano?

Madala mwandikumbutsa usiku wina wa May 2025, kuzizira kuja kwa kuno ndili mu bulangete foni m'manja cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, Knicks ikusewera ndi Boston ku Madison Square Garden. Jayson Tatum anangogwa yekha popanda womugunda, atagwira mwendo akugubuduzika pansi, Achilles yomweyo. Nthawi imeneyo ndimangoganiza za gemu, sindinaganize kuti mwayi wake ndi woti anali atasaina kale 314 miliyoni chaka chapitacho. Akanakhala kuti amadikira ngati Cousins bwenzi tikukamba zina.

Pa Brunson sindinasinthe, ndikuonabe kuti anachita bwino, Knicks inafika mpaka mu fainolo ya East, chigawo cha kum'mawa cha NBA, chaka chimenecho koyamba kuyambira 2000 ngakhale Indiana inawatulutsa. Kungoti ku saluni ndimanena kuti anadzipereka nsembe, Lamulungu likubwerali ndikawauza kuti anazitenga msanga mwendo udakali wabwino. A Dolo ngati muli chakuno bwerani mudzawafotokozere nokha za second apron, ine ndikaiyamba amandidula pakamwa.