Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso: kodi mwambiwu ukuti tigule mfuti?

Nangondo wa ku Texas:
Akuluakulu ndithandizeni. Mwambi uja woti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso tanthauzo lake lenileni ndi chani? Ndikufunsa chifukwa pa gulu lathu la WhatsApp la aMalawi okhala kuno kwavuta, pali bambo ena agula mfuti ndiye akulimbikitsa kuti tonse tigule, ati malamulo aakulu a dziko lino la America amalola, Second Amendment ija, ndipo akamaliza kulankhula amatseka ndi mwambi umenewu ngati kuti makolo athu anali kale mbali yawo. Ine kwathu ku Ntcheu ndinkaumva mayi akamadzudzula munthu amene mwana wake akutsokomola koma sakupita naye kuchipatala. Za zida sindinamvepo. Ndiye ukunena kuti nawenso uzikhala ndi uta wako, kapena ukungoti usamangoima zinthu zikubwera? Komanso inu odziwa malamulo, lamulo la kunoli cholinga chake poyamba chinali chani, akuba kapena china?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwafunsa bwino mayi. Mayi anu ankaugwiritsa ntchito molondola. Mwambiwu umanenedwa pa vuto lomwe ukuliona ndithu likubwera koma iwe ukungoti tione kaye, monga matenda, ngongole, mwana amene wayamba kutola za eni, mkangano wa malire a munda. Taganizani za nkhondo zakale, muvi woponyedwa patali umaoneka uli m'mwamba, ndipo munthu amatha kuuzinda, kugwada kapena kutchinga ndi chishango. Amene waima kukamwa yasa kuti aone komwe ugwere, umagwera mwa iye, ndipo malo ake ndi diso lomwe amayang'anira lija. Tsono onetsetsani kuti mwambiwu ukulankhula ndi munthu amene akulasidwa, sukulankhula ndi mwini uta ayi. Sunanene kuti bweza. Unangoti chitapo kanthu msanga. Kanthuko kakhoza kukhala kuthawa, kulowa mu linga, kukauza amfumu, ngakhale kutenga uta wako kumene, koma mwambi sunakusankhire. Bambo a pa gulu lanuwo akuwonjezera mawu awo pa mawu a makolo.

Mtchona wa ku Joni:
Aphunzitsi ulemu wanu koma apa mwazembetsa nkhani kkkk. Ngati muvi ukubwera ndipo ulibe chishango ulibe linga amfumu ali kutali utani? Kuno ku Johannesburg tsotsi akalowa pa geti sumuuza kuti dikira ndiimbe foni. Ine ndikuona kuti madala aku Texas aja sanalakwe, mwambi ukuti konzeka, ndiye kukonzeka kwa masiku ano ndi chani ngati si chitsulo. Kungoti kuno si ufulu ngati ku America, umafunika laisensi, uphunzire kaye upatsidwe setifiketi, zaka zikwane 21, komanso ukhale nzika kapena wa mapepala okhazikika, ndiye ambiri a ife tinagwa kale pamenepo

Wa Chipata:
kwathu timalemba mubvi, koma ni umodzimodzi. Agogo anali kukamba pa nkhani ya njoka yoloŵa m'nyumba, osati mfuti

Kalaliki wa Khoti:
Za mwambi ndasiyira aphunzitsi, ine ndiyankhe funso lachiwiri la achemwali a Nangondo, mundipirire ndilemba zambiri.

Lamulo la Second Amendment limenelo ndi chiganizo chimodzi basi, linavomerezedwa pa 15 December 1791 pamodzi ndi ena asanu ndi anayi amene amawatcha Bill of Rights, ndipo amene anatsogolera kulemba ndi James Madison. M'Chichewa tinganene kuti: popeza gulu la anthu wamba lokonzekera nkhondo komanso loyendetsedwa mwadongosolo ndi lofunika kuti dziko la mfulu litetezeke, ufulu wa anthu wosunga ndi kunyamula zida usaphwanyidwe. Gulu limenelo iwo amati militia. Mkangano wonse wa zaka zonsezi wagona pa funso loti theka loyambalo likumanga theka lachiwiri kapena likungopereka chifukwa chimodzi mwa zifukwa zambiri.

Muvi umene anthu a nthawi imeneyo ankauyang'ana sunali wakuba wothyola zenera kwenikweni. Unali asilikali a boma okhazikika, olipidwa, omvera munthu mmodzi. Anali atangochoka mu ulamuliro wa Britain, ndipo nkhondo yawo inayamba pa 19 April 1775 pomwe asilikali a mfumu anatuluka mu Boston kupita ku Concord kukalanda zida ndi onga zomwe anthu anasunga, n'kukumana ndi alimi onyamula mfuti pa Lexington. Ndiye boma latsopano la dziko lonse litapatsidwa mphamvu yokhala ndi asilikali ake, zigawo zinachita mantha kuti tsiku lina lidzatilanda zida ife n'kutipondereza ngati mfumu ija. Maganizowo anawatengeranso ku England komweko, kumene mu 1689 atachotsa mfumu James II analemba kuti Apulotesitanti akhoza kukhala ndi zida zodzitetezera monga momwe malamulo alolera.

Koma tamverani mbali iyi imene ambiri amailumpha. Mu 1792 anakhazikitsa lamulo loti mwamuna aliyense wachizungu wamphamvu zake wa zaka 18 mpaka 45 alembetse mu militia ndipo adzipezere yekha mfuti ndi zipolopolo. Unali udindo, ngati msonkho, osati chabe zokonda zako. Ndipo mu 1794 alimi a kumadzulo kwa Pennsylvania ataukira msonkho wa kachasu wawo, pulezidenti George Washington anasonkhanitsa militia yomweyo, anthu pafupifupi 13,000, kukawakhazika pansi. Ndiye amene amati lamuloli ndi chilolezo choukira boma ukakwiya, afotokoze kaye za 1794.

Nkhani yoti ndi ufulu wa munthu payekha wosunga mfuti m'nyumba podziteteza, khoti lalikulu linaigamula momveka mu 2008, pa mlandu wa Heller, majaji 5 kwa 4. Antonin Scalia ndi amene analemba chigamulo, John Paul Stevens anatsutsa kuti ayi nkhani inali ya militia. Isanafike nthawi imeneyo makhoti ambiri ankatsatira mlandu wa Miller wa 1939 umene unkayang'ana ngati chidacho chikukhudzana ndi ntchito ya militia. Mu 2010 pa mlandu wa McDonald anati ufuluwu ukumanganso maboma a zigawo ndi mizinda, mu 2022 pa mlandu wa Bruen anati ukufika ndi panja pa nyumba. Ngakhale Scalia yemweyo analemba kuti ufuluwu uli ndi malire, ndipo mu 2024 pa mlandu wa Rahimi majaji 8 kwa 1 anavomereza kuti munthu amene khoti lamuletsa kuyandikira mkazi wake kapena chibwenzi chake chifukwa cha nkhanza akhoza kulandidwa mfuti.

Mtchona wa ku Joni:
ndiye mwavomereza nokha bwana kuti khoti linati ndi ufulu wa munthu payekha. Nkhani yatha

Kalaliki wa Khoti:
Lamulo lilipo lero ndi limenelo inde, sindikukana. Koma achemwali anafunsa cholinga cha poyamba, ndipo pamenepo ngakhale majaji anagawanika ndi voti imodzi yokha.

Mdzukulu wa Gomani:
Ine chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'choti tikamati "anthu" mu 1791 tikunena ndani. Kalaliki wanena yekha, mwamuna wachizungu. Kumwera kwa America kuja magulu onyamula mfuti omwewo ndi amene ankalondera akapolo kuti asathawe kapena kuukira, ndipo mu 1857 pa mlandu wa Dred Scott jaji wamkulu Roger Taney anapereka ngati chifukwa chimodzi chokanira kuti munthu wakuda akhale nzika, choti ndiye kuti adzakhala ndi ufulu woyenda ndi zida kulikonse. Komano nkhaniyi imadula mbali zonse, chifukwa akuda ambiri akumwera anapulumuka kwa a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza ndi kupha anthu akuda, chifukwa chokhala ndi mfuti m'nyumba, apolisi eni akewo nthawi zina ndi amene anali mu gulu lobwera usiku. Ndipo a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, atayamba kuyenda ndi mfuti poyera ku California, lamulo loletsa linadutsa mu 1967, wosainira anali Ronald Reagan, bwanamkubwa wa chigawocho nthawi imeneyo. Ndiye kwa munthu wakuda wa ku Mississippi wa nthawi imeneyo mwambi wathuwu ukanatanthauza ndendende zimene madala aku WhatsApp akunena. Ine sindingamuweruze.

Mphunzitsi Wopuma:
Mdzukulu wa Gomani wanena zoona ndipo sindikutsutsa kuti pali nthawi imene kuchitapo kanthu kumakhala kutenga chida. Chimene ndikukana n'choti mwambi ukhale wa mbali imodzi. Mayi amene mwana wake wamwamuna wayamba kulankhula zodzipha, m'nyumba muli mfuti, iye n'kumangoti tione kaye, ameneyonso akuyang'anira muvi. Kwa iye kuchitapo kanthu ndi kuchotsa mfutiyo m'nyumbamo. Mwambi womwewo, zochita zosiyana. Komanso tisaiwale kuti makolo anapeka mwambiwu pa chida chimene umachiona chikubwera. Chipolopolo sichiyang'aniridwa. Ngakhale mfuti zimene azungu a 1791 ankadziwa zinali za mtundu wa gogodera, zothira onga kukamwa n'kutsinira ndi kachitsulo, ukaomba kamodzi uyambirenso kuthira. Ana a masiku ano mawu oti gogodera mwina simuwadziwa, alenje akale a kumudzi ankasaka nazo.

NaPhiri ku Leeds:
Aphunzitsi pamene mwanena za kudzipha mpamene pali nkhani. Mu 2021 ku America anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti ndipo oposa theka anali odzipha okha, osati kuphedwa ndi achifwamba. Mfuti zili m'manja mwa anthu wamba kumeneko ndi zambiri kuposa anthu eni akewo, kafukufuku wa Small Arms Survey wa 2018 anati pafupifupi 393 miliyoni. Ndiye ngati kuchuluka kwa mfuti kukanakhala chitetezo bwenzi kulibe dziko la mtendere ngati limenelo. Kuno ku Britain munthu atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane mu 1996, chaka chotsatira analetsa pafupifupi timfuti tonse tam'manja, ndipo ine ndinganene kuti amenewo ndiwo anamvera mwambi wa muvi, sanadikire kachiwiri.

Mtchona wa ku Joni:
Asisi nanga Uvalde? Konko ku Texas kwa a Nangondo, 2022, ana 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa ndi mfuti pa sukulu, apolisi anafika ambirimbiri oposa 300 koma anakhala panja pa kalasi kuposa ola lathunthu akuyang'anira muvi womwewo. Ndiye mukandiuza kuti siyira boma likuteteze ine ndimakumbuka zimenezo

NaPhiri ku Leeds:
Achimwene ku Uvalde mfuti sizinasowe, aliyense mwa apolisi amenewo anali nayo. Ndipo mnyamata anachita zimenezoyo anagula yake mwalamulo atangokwanitsa zaka 18. Ndiye chitsanzo chanucho chikugwira ntchito mbali yanga kuposa yanu

Mdzukulu wa Gomani:
paja ifenso tinalawako gulu lonyamula zida pambali pa asilikali a boma, a Payoniya, mpaka asilikali anachita kuwalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993. Ndikudziwa si chimodzimodzi chifukwa aja anali a chipani osati anthu wamba odziteteza ku boma, koma mwina n'chifukwa chake malamulo athu a 1994 ufulu wa mfuti mulibemo ndipo sindinamvepo munthu akuulirira

Kalaliki wa Khoti:
Mulibemo inde, ku Malawi mfuti ndi ya chilolezo cha boma, si ufulu wobadwa nawo. Ndipo si ife tokha, maiko amene ufuluwu unalembedwa m'malamulo aakulu ndi owerengeka, odziwika ndi America, Mexico ndi Guatemala, ndipo ku Mexico kugula mfuti mwalamulo ndi chintchito chifukwa zonse zimadzera kwa asilikali.

Nangondo wa ku Texas:
Zikomo nonse, makamaka aphunzitsi ndi a Kalaliki. Ndatengapo kuti mwambi ukuti usazengereze koma sukutchula chida, ndipo ndikawauza bambo aja mwaulemu kuti apeze mwambi wina. Koma vuto ndi loti achinyamata ena a pa gulupo atengeka kale, awiri ndi ana a sukulu angobwera kumene, akuti kuno ku Texas kuyambira 2021 sufunikanso laisensi kuti uyende ndi mfuti ndiye akufuna akagule limodzi kumapeto kwa mwezi.

Kalaliki wa Khoti:
Amenewo muwaimbire lero lomwe achemwali, musadikire pa gulu. Za Texas za 2021 n'zoona koma ndi za anthu amene malamulo amawalola kale kukhala ndi mfuti. Lamulo la dziko lonse limaletsa munthu amene analowa ndi viza yongokhala kwa kanthawi, monga ya sukulu kapena yodzacheza, kukhala ndi mfuti ngakhale zipolopolo, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi ya ulenje. Wa green card, chiphaso chokhala mokhazikika, ndi nkhani ina, amaloledwa. Amene mapepala ake anatha ndiye asayandikire n'komwe, ndi mlandu waukulu wa kundende ndipo ukatuluka amakukweza ndege. Bambo akuwalimbikitsawo mwina ali ndi pasipoti ya konko, anawo alibe. Akaonane ndi loya wa za imigireshoni asanapite ku shopu kulikonse.