Mbande zikugwa pa nazale kachiwiri, ndithandizeni akuluakulu

Mlangizi wa ku Nathenje

Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi amayi 18 a care group, gulu lophunzitsana za kadyedwe ndi umoyo wa pakhomo, amene tikuyamba nawo madimba a pakhomo. Onsewo sanalimepo ndiwo zamasamba chibadwire, amadziwa chimanga ndi mtedza, masamba amangothyola nkhwani m'munda nthawi ya dzinja basi. Tinakonza nazale imodzi kwa promoter, woyang'anira gululi m'mudzimo, kuti tidzagawane mbande: repu, mpiru, tchainisi ndi matimati pang'ono. Bedi mita imodzi mulifupi, mamita atatu mulitali, mthunzi wa udzu pamwamba. Kumera zimamera bwino zedi, pofika tsiku lachisanu bedi lonse biriwiri. Koma zikangokwanitsa sabata zikuyamba kugwa m'magulumagulu. Ndazula zingapo lero m'mawa, patsinde penipeni pokhudzana ndi dothi paonda ngati ulusi, pofewa ngati pathiridwa madzi otentha, koma timasamba tikadali tobiriwira.

Aka nkachiwiri. Ulendo woyamba ndinkayesa ndi mbewu, tinafesanso, zomwezo. Kwatsala mapaketi awiri okha ndipo amayi ayamba kugwa ulesi, wina wandiuza pamaso kuti bola kumangogula kampukutu ka mpiru pamsika. Ndikudziwa kuti ndi damping off, matenda oolesa tsinde la mbande, zimenezo musandiuze. Funso langa ndi ili: ndilimbane ndi zotsalazi kapena ndigumule bedi lonse? Mankhwala a Dithane ndili nawo theka la paketi. Ndipo Okutobala uyu wafika kale pakati.

Wa ku Bembeke

Manyowa. Munathira manyowa anji ndipo anapsa? Yankhani kaye limenelo.

Mlangizi wa ku Nathenje

A mbuzi osakaniza ndi zitosi za nkhuku. Promoter anati akhala pamulu mwezi wathunthu.

Wa ku Bembeke

Ndiye ameneyo. Kukhala pamulu si kupsa ayi. Zitosi za nkhuku zosapsa pa nazale ndi moto. Pitani mukalowetse dzanja pakati pa mulu umenewo, ngati mukufunda kapena mukutuluka fungo lolasa m'mphuno ndiye kuti vuto lanu mwalipeza.

Madam wa ku Thyolo

Achimwene a ku Nathenje, mwati munafesanso, pa bedi lomwelo? Ngati ndi choncho ndiye kachiwiriko kanali kodziwikiratu, chifukwa tizilombo toyambitsa matendawa, Pythium ndi Rhizoctonia, timakhala m'dothimo kudikira. Pamenepo pasiyeni ndithu.

Koma ine funso langa ndi la madzi. Akuthirira ndani? Ndikufunsa chifukwa zinandichitikira zaka zapitazo. Gulu langa linagawana masiku othirira, koma aliyense podutsa pa nazale pochokera ku mjigo amati mbande zili ndi ludzu nkukhuthulapo ndowa yake. Nditakhala pamenepo tsiku lonse ndinawerenga anthu anayi, wachisanu anali mwana wa sukulu amene anatumidwa madzulo dzuwa litalowa. Mthunzi anauyika m'munsi mwa bondo, udzu wothithikana woti dzuwa silimalowa. Nditapisa chala, dothi linali phala, pamwamba pake patachita ndere. Palibe amene anali waulesi pamenepo, onse ankafunitsitsa kuti zitheke. Munthu amene akuyamba kumene saopa kuthirira kwambiri, amaopa kuuma kokha.

Sankhani munthu mmodzi wothirira, m'mawa, ndi kheni ya mutu wa tizibowo tating'ono, ndipo azipisa kaye chala. Kukatentha zedi angawonjeze pang'ono masana dzuwa likapendeka, koma bedi lisagone usiku lili chinyowere.

Mlangizi wa ku Nathenje

Inde madam, pa bedi lomwelo, pamenepo ndiye pali pafupi ndi madzi. Za othirira ndikafunsa mawa, section yanga ndi yaikulu sindikhalako tsiku ndi tsiku. Kheni ilipo imodzi koma mutu wake unasowa.

Madam wa ku Thyolo

Ndiye kuti akukhuthula ndi ndowa. Boolani chitini ndi msomali waung'ono chikhale mutu. Nanga kufesa anafesa m'mizere kapena anangomwaza?

Wa ku Chikwawa

Madziwo muwalawe. Kuno mijigo ina ndi yamchere, ndipo mbande zanthete sizipirira, bedi likauma mumaona zoyera pamwamba ngati pawazidwa phulusa. Kwanu kumtunda mwina sizichitika kawirikawiri, koma funsaninso ngati sakuthira madzi otsukira mbale kapena ochapira. Ife tomwe timawaphunzitsa kuti madzi a pakhomo asatayidwe, ndiye ena amakathira a sopo ndi mafuta omwe pa nazale. Madzi amenewo ndi a nthochi ndi mapapaya, kapena mbewu zikuluzikulu, osati mbande za sabata imodzi.

Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinayambiranso madimba pa matope osiyidwa ndi madzi osefukira. Pamwamba pooneka pachonde, koma pakauma pamachita chikhakha cholimba, mbewu ya repu imalephera kuboola. Tinachita kusakaniza mchenga wa kumtsinje kuti dothi lipume. Ngati dothi lanu ndi la makande, ganizirani zimenezo pa bedi latsopanolo.

Wa ku Bembeke

Madzi, madzi. Ine ndakhala pakati pa alimi a kabichi ndi matimati zaka zambiri, amathirira kawiri patsiku ndipo mbande sizigwa. Kusiyana kwake nkwakuti iwo amathira manyowa akuda bii, ofumbutuka m'manja, osanunkha. Manyowa osapsa ndiwo amadyetsa matendawo komanso amawotcha mizu. Konzani manyowa, zinazo zidzitsata zokha.

Madam wa ku Thyolo

A Bembeke, manyowa akawotcha, nsonga za masamba zimapserera ndipo bedi lonse limavutika mofanana. Mnzathuyu wanena kuti masamba ndi obiriwira, tsinde laonda pansi, zikugwa m'magulu. Sindikukana kuti manyowawo akhoza kuwonjezera, koma alimi anuwo amafesa m'mizere motalikirana ndipo kwanuko kumazizira ndi mphepo. Pano tikukamba bedi lofundidwa udzu mu Okutobala.

Mkulu wa fodya, Kasungu

Mwana wanga, gumulani. Mbande yodwala tsinde ngakhale ipulumuke imakapinimbira kumunda, ndiye amayiwo adzati dimba ndi bodza. Ife a fodya nazale timaidziwa. Pezani malo atsopano pomwe sipanalimidwe matimati, fodya kapena mbatatesi posachedwa, mutipule, muunjike mapesi ochuluka kufika m'chiuno, mutenthe. Moto uyake pang'onopang'ono kuti kutentha kulowe pansi, osati kungolawula pamwamba. Pakazizira chotsani phulusa lochulukalo, salazani, fesani m'mizere yotalikirana ngati chikhatho, kuya kosapitirira chikhadabo. Zikamera patulirani, musawamvere chisoni.

Koma ndikuchenjezeni. Mwezi uno udzu wauma ndipo mphepo ya masana siiona nkhope. Ndinaonapo moto wa pa nazale utalumpha nkugwira mpanda, mpanda nkupatsira chigafa, zonsezi nthawi yosakwana kuphika nsima. Mwini wake anangokhala pansi manja ali kunkhongo. Tenthani mbandakucha kulibe mphepo, mulambule mozungulira, ndowa zamadzi zikhale pafupi, ndipo inuyo mukhalepo. Ngati bedi lili pafupi ndi nyumba za udzu, lekani ndithu, katengeni dothi la pamalo pomwe anawotcherapo zinyalala za m'munda mufesere m'mabeseni obowola pansi.

AEDO (mlangizi wa zaulimi) wa ku Mchinji

Za Dithane zija palibe amene wayankha. Ameneyo ndi woteteza, sachiritsa mbande yoti yaonda kale. Ndipo chonde musawasiyire paketiyo. Anthu oyamba kumene akaona kuti mlangizi wabweretsa mankhwala amaganiza kuti dimba lonse limayendera mankhwala. Kwathu kuno mayi wina anabwereka sipuleya kwa mlamu wake kuti apopere nsabwe pa mpiru, osadziwa kuti dzulo lake inali ndi mankhwala opha udzu. Anangoitsukuluza kamodzi. Patatha masiku ochepa dimba lonse linachita chikasu, mabedi asanu ndi limodzi. Analira ngati pamaliro, ndipo mpaka lero ndikamuuza za dimba amandiyang'ana kumbali.

China ndi cha masiku odikira. Repu amathyola sabata iliyonse, ndiye wina apopera mankhwala a cypermethrin lero mawa wathyola wapatsa ana. Zolembedwa pa botolo zili m'Chingerezi, timalemba tating'ono. Kuli bwino chaka choyamba aphunzire kuyendera dimba m'mawa uliwonse, kutembenuza masamba, kutswanya nsabwe ndi mbozi ndi zala. Nimu kapena ombwe wonyika usiku ndi kasopo pang'ono zimathandiza, komabe ombwe naye ndi poizoni, amapha nsomba, asakatsukire ziwiya zake kumtsinje.

Wa za nutrition, Zomba

Pepani ndilowerere, koma bwanji tikuyambira pa nazale ndi anthu oti sanalimepo? Nazale ndiye gawo lovutitsitsa pa dimba lonse. Apatseni bonongwe afese pomwepo, asakanize mbewu ndi mchenga kuti isathithikane, pakatha masabata atatu kapena anayi ayamba kuzulira nkumadya. Chitambe, nkhwani, luni, therere, zonsezi nzofesa pomwepo ndipo kutentha sizikuopa ngati tchainisi. Kholowa ndi kungodula mphukira kwa mnansi nkubzala. Mbewu zake ali nazo kale m'nyumba kapena kwa agogo. Munthu akadya ndiwo yoyamba yochokera kuseri kwa nyumba yake, za repu adzakufunsani yekha.

Matimatiwo ndiye chotsani. Chibwerere mbozi ya matimati yotchedwa Tuta absoluta, ngakhale akatswiri a ku Ntcheu amachita kulimbana nayo, kuli bwanji woyamba kumene? Muwonjezepo akangaude ofiira a nyengo yotenthayi, mvula ikagwa chiwawu. Mukuwapatsa katundu woposa msinkhu.

Mlangizi wa ku Nathenje

Achemwali ndikumva, ndipo mtima wanga uli komweko. Koma mbewu zinabwera ndi pulojekiti ndipo pa fomu pali repu, mpiru, tchainisi ndi matimati. Akabwera kudzayendera akapeza bonongwe adzati mlangizi sanagwire ntchito, zamera zokha.

Wa za nutrition, Zomba

Akapeza mabedi opanda kanthu adzati chiyani? Bedi limodzi la pa fomu, awiri a bonongwe ndi chitambe. Ana a m'nyumba zimenezo akufunika ndiwo mwezi uno.

AEDC (mkulu wa alangizi a zaulimi) wopuma, Dowa

Werengani masiku, anzanga. Mukafesa sabata ino, repu ndi mpiru ziwokeredwa pakatha masabata atatu kapena anayi, matimati kupitirira apo. Kumeneko nkuti tili pakati pa Novembala. Mvula yoyamba ikangogwa amayi anuwo onse ali kumunda ndi khasu kuyambira mbandakucha, dimba palibe wolikumbukira. Ndiponso ngati mabedi a kumakomo munawakumba olowa pansi kuti asunge madzi, monga timachitira chilimwe, amenewo asanduka zithaphwi. A dzinja amafuna okwera. Oyamba kumene timayamba nawo Epulo kapena Meyi akamaliza kukolola, kunja kukuzizira, tizilombo tachepa, zitsime zili ndi madzi. Mbewu zikafika mochedwa mlangizi ndi amene amaoneka wolephera, ndinaziona nthawi yanga yonse ya ntchito.

Musaiwale kukhwimitsa mbande, sabata yomaliza muchotse mthunzi wonse ndi kuchepetsa madzi, kuwokera kukhale madzulo. Ndipo musanapereke mbande ngakhale imodzi, kayendereni mipanda. Miyezi ino mbuzi zili pa mtayo.

Wa ku Chikwawa

Apo mwalasa bwana. Nkhuku ndiye zoipitsitsa, zimalowa pansi pa mpanda pomwe udzu wasiya mpata wa chikhatho. Ine ndimawauza ayale minga kapena bango chopingasa pansipo. Nkhuku imodzi ya anapiye imamaliza bedi lowokeredwa dzulo munthu ali ku mjigo. Zikatero nkhani imathera kwa amfumu, chifukwa nthawi zambiri nkhukuyo imakhala ya mnansi.

Wa ku Bembeke

Mipanda, masiku, bonongwe, zonsezo nzabwino. Koma mukasamutsa bedi nkukathiranso manyowa a mulu womwewo mudzabweranso pano kachitatu. Ndanena. A ku Nathenje, mwalowetsa dzanja mu mulu uja?

AEDO wa ku Mchinji

A Bembeke, nanga manyowa a Mbeya mumawaona bwanji pa masamba? Alimi anga amapanga othira ku chimanga, amasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kumanga m'thumba la pulasitiki masiku 21. Ena ayamba kuthira pa repu.

Wa ku Bembeke

Pa repu wowokera kale, patali ndi tsinde, ndilibe nawo mawu. Pa nazale ayi, muli feteleza mmenemo. Pa nazale ndi kompositi wakupsa wosefa basi.

Mkulu wa fodya, Kasungu

Ndipo asefe ndithu, mu kompositi mumabisala mphutsi zoyera zija zodya mizu. Mwana wanga wa ku Nathenje, mukapita mawa kafukuleninso pansi pa mbande zakugwazo. Mukapeza mbozi yotuwa yodzipinda, ndiye kuti ena mwa mavutowo ndi odula usiku, ngakhale mmene mwafotokozeramo sizikuoneka choncho.

Wa ku Chikwawa

Tili pomwepa, alipo amene akudziwa kopeza marabala a treadle pump ku Blantyre? Athu atha onse awiri ndipo gulu la kudambo likutunga ndi ndowa.