Kodi mankhwala a m'masambawa akuletsadi pyroptosis, imfa imene selo limaphulika n'kuyambitsa kutupa?

Wofunsa:
Akuluakulu anzanga, ndikupempha nzeru. Tikuyesa mankhwala amene tinachotsa m'masamba a chomera china pa maselo a THP-1, omwe ndi maselo oyera a m'magazi a munthu oleredwa mu labotale. Timathira mankhwalawo poyamba, kenako LPS (chinthu cha pa khungu la bakiteriya), pomaliza nigericin (mankhwala odzutsa pyroptosis), ndipo IL-1β (puloteni yoyambitsa kutupa) ndi LDH (enzayimu imene imatuluka selo likaphulika) zimatsika kwambiri. Mkulu wa labotale yathu akufuna tilembe kuti mankhwalawa akutsekereza NLRP3, puloteni imene imazindikira ngozi m'selo n'kuyambitsa pyroptosis, koma ineyo mtima sukukhazikika.

Woyankha woyamba:
Kukayika kwanuko n'koyenera, chifukwa vuto lili pa nthawi imene mukuthira mankhwalawo. LPS ndi amene amadzutsa NF-κB (puloteni yoyatsa majini a kutupa) kuti selo lipange pro-IL-1β (IL-1β yosakhwima) komanso kuchulukitsa NLRP3, choncho chilichonse chofooketsa NF-κB chidzatsitsa IL-1β ngakhale chisanakhudze n'komwe inflammasome (gulu la mapuloteni limene NLRP3 imasonkhanitsa kuti lidzutse caspase-1, enzayimu yodula pro-IL-1β), ndipo mankhwala ambiri ochokera ku zomera amachita zimenezi. Parthenolide wa mu Tanacetum parthenium amagwira mbali zonse ziwiri, NF-κB ndi inflammasome, n'chifukwa chake amasokoneza anthu ambiri. Yambani ndi LPS, tsukani maselo, thirani mankhwala anuwo, kenako nigericin. Muyezenso TNF-α, puloteni ina ya kutupa imene NF-κB amayambitsa, pakuti iyeyu sadalira caspase-1: akatsika limodzi ndi IL-1β m'ndondomeko yanu yakale ija, ndiye kuti munkaletsa gawo loyamba lija la NF-κB.

Woyankha wachiwiri:
Ine ndikuda nkhawa ndi LDH. Muyezo umenewu umawerengedwa ndi mtundu, kawirikawiri pa 490 nm, ndipo madzi a masamba amakhala ndi mtundu wawo kale. Komanso pali mankhwala a zomera amene amafooketsa LDH weniweniyo, monga gossypol wa mu thonje, moti maselo angakhale ataphulika onse koma makina n'kusonyeza ngati ali moyo. Phulitsani maselo ndi Triton X-100 (sopo wa mu labotale), thirani mankhwala anu m'madzi amenewo, muone ngati nambala itsike. Ikatsika, zotsatira zanu za LDH musazidalire.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri. Nanga zonsezi zikayenda bwino, tingatchule NLRP3 mosaopa?

Woyankha woyamba:
Ayi, musafulumire. Onetsani pa western blot (muyezo woonetsa mapuloteni ndi kukula kwake) kuti caspase-1 sanadulidwe ndiponso kuti chidutswa cha gasdermin D cha pafupifupi 30 kDa, chomwe chimaboola khungu la selo, sichikuoneka. Ikani MCC950, mankhwala odziwika oletsa NLRP3, pambali ngati poyerekezera. Kenako dzutsani mitundu ina iwiri ya inflammasome: AIM2 pogwiritsa ntchito poly(dA:dT), yemwe ndi DNA yopanga, komanso NLRC4 pogwiritsa ntchito flagellin, puloteni ya bakiteriya. Mankhwala akaletsa zonse zitatu, ndiye kuti akugwira pamene njirazi zimakumana, mwina pa caspase-1 kapena pa gasdermin D, monga mmene disulfiram amachitira. Oridonin wa mu Rabdosia rubescens anadziwika mu 2018 kuti amaletsadi NLRP3 chifukwa ofufuza anasonyeza kuti amamatirira pa cysteine 279 ya NLRP3 n'kuiletsa kugwirana ndi NEK7, puloteni yoithandiza kudzuka, ndipo umboni wotere sungapezeke ndi madzi a masamba osakanikirana. Pakadali pano lembani kuti akuchepetsa kutuluka kwa IL-1β, basi.

Wofunsa:
Ndamva. Ndiyamba ndi muyezo wa Triton X-100 popeza sufuna maselo ambiri, ndipo ndiikanso DMSO yekha, madzi amene tinasungunulira mankhwalawo, pa mlingo womwewo.