Kodi Rico ankamukonda Joe mwa mtundu wanji?

Wa pa Lizulu: Anzanga, ndaonera Little Caesar, filimu ya zigawenga ya 1931, pa foni ndikudikira ogula mbatata pamsika. Wandizunguza mutu ndi Rico, uja akusewera Edward G. Robinson. Akazi alibe nawo ntchito, koma mnzake Joe atafuna kusiya uchigawenga kuti azivina ndi chibwenzi chake Olga, Rico akupsa mtima ngati walandidwa mkazi. Atamuloza mfuti, akulephera kuwomba. Ndi ubwenzi wamba umenewu?

Aphunzitsi a ku Dedza: Achimwene, mwaona bwino. Nthawi imeneyo nkhani ya amuna okondana okhaokha sankaitchula poyera, ndipo kuyambira 1934 malamulo a Hays Code, oletsa zinthu zina kuonetsedwa m'mafilimu a ku America, anakhwimitsidwa zedi. Opanga mafilimu ankangophiphiritsa. Mu The Maltese Falcon ya 1941, mwamuna wina dzina lake Joel Cairo akubwera ndi kakhadi konunkhira maluwa a gardenia. Oonera a nthawiyo ankadziwa chomwe chikutanthauzidwa.

Mayi wa pa Ntcheu Boma: Inu aphunzitsi, musakokomeze. Kuno amuna amayenda atagwirana manja mpaka ku Tsangano, palibe amawaganizira zina. Rico akuopa kuti Joe aulula zinsinsi kupolisi, basi.

Aphunzitsi a ku Dedza: Mayi, akanakhala mantha okha, bwenzi atawomba. Mukaonenso The Big Combo ya 1955: zigawenga ziwiri, Fante ndi Mingo, zimagona chipinda chimodzi, ndipo Fante atafa, Mingo akulira ngati wamasiye.

Wa pa Lizulu: Imeneyo ndiisaka ndikagula bando mawa.