Kusankha ndi kulumikiza thanki yatsopano ya mafuta pa galimoto ya m'misewu yovuta

Funso:
Akuluakulu, ndili ndi galimoto ya dizilo yomwe imayenda kwambiri m'miyala ndi m'zitunda, ndipo ndikufuna kuchotsa thanki yomwe inabwera nayo n'kuikapo ina ya malita 120. Kodi ndisankhe ya aluminiyamu, yachitsulo kapena ya pulasitiki, nanga mapaipi ake ndiwalumikize motani?

Yankho loyamba:
Musanaganize za chopangira, funsani ngati thankiyo ili ndi zigawo m'kati, chifukwa yopanda zigawo mafuta amathawira mbali imodzi mukamakwera chitunda, paipi yokoka n'kuyamwa mpweya, injini n'kuzima pamalo oipa. Ya aluminiyamu ndi yopepuka ndipo siichita dzimbiri, koma imang'aluka m'mowotcherera ikamangidwa molimba pa chesisi (chimango chachitsulo cha galimoto) chomwe chimapindika. Ine ndimaimanga ndi malamba achitsulo, n'kuika labala pakati. Yachitsulo chopakidwa zinki m'kati musaiyese n'komwe, popeza dizilo imadya zinkiyo, zinyalala zake n'kukatseka ma injector, tizida topopera mafuta m'injini.

Yankho lachiwiri:
Pa mapaipi pamafunika atatu: yopita ku injini kudzera pa fyuluta, yobweza mafuta otsala, ndi yopumira. Yopumirayo muikweze pamwamba kuti madzi asalowe mukamawoloka mtsinje, ndipo ikhale ndi valavu yodzitseka yokha galimoto ikagubuduzika. Onse akhale opangidwira mafuta, ndipo adutse kutali ndi ekizozi.

Yankho lachitatu:
Musaiwale kulemera, bambo. Lita imodzi ya dizilo imalemera pafupifupi magalamu 840, kotero mafuta okha a thanki yodzaza adzaika pafupifupi makilogalamu 100 pa masipuling'i a kumbuyo. Pansi pa thankiyo muikepo chitsulo chotchinga miyala.